Kuwala Kotopa kwa a Kamtedza

Munthu akafika ku Biwi n'kufunsa kwa owotcherera zitsulo, ankamulozera kwa a Ephraim Kamtedza. Sikuti owotcherera anali okhawo ayi, koma ndiwo ankamveka patali. Bambo amenewa kunong'ona sankakudziwa. Ankakangana ndi makasitomala, ankakangana ndi wailesi, ankakangana ngakhale ndi chitsulo chikakana kupindika. Tsiku lopanda mtsutso kwa iwo linali ndiwo zopanda mchere.

Ndiye mumvetse kuwawa kwake kuti munthu mmodzi yekha amene ankafunitsitsa kutsutsana naye ndi amene anasiya kuwayankha. Jemima, mwana wawo woyamba, ali wamng'ono ankakhala pa chitini cha penti m'shopumo tsiku lonse, mafunso osatha, ndipo yankho likapanda kumukhutiritsa ankalimbana nawo mpaka mayi ake adzamukoke dzanja. Kenako sukulu inamutenga. Anapita kusekondale yogonera komweko, n'kupitirira kuyunivesite ku Zomba kukaphunzira sayansi. Akabwera kutchuthi kunyumba kwawo ku Kawale ankagwada, kupereka moni, kuwathirira madzi osamba m'manja, basi. Chilichonse chimene bambo ake anene, yankho linali limodzi: "Zoona, ababa."

Anthu a kumpingo ankayamikira kuti mwana wophunzira chonchi koma waulemu ndi wosowa. A Kamtedza ankamwetulira, koma mumtima munkapweteka, chifukwa "zoona" ameneyo ankamudziwa bwino. Ndi yemweyo amene iwo ankamupatsa kasitomala wofuna geti lopanda mahinjesi kuti achoke msanga.

Chaka cha 2006 tchuthi cha Jemima chinagwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lamulungu lina masana a Kamtedza anali atagona pamkeka kuseri kwa khonde, chipewa kumaso. Pakhondepo Jemima ndi mayi ake, a Olipa, ankasankha nyemba. Mayiwo anafunsa kuti kodi zimene amaphunzira kumeneko n'chiyani kwenikweni, poti anzawo kumvano akawafunsa amasowa chonena. Ndipo Jemima, poganiza kuti bambo ake ali m'tulo, anamasuka. Mawu ake anasintha, akuthamanga ngati kale.

"Amayi, nyenyezi mumazionazi ndi mudzi umodzi wokha. Mlalang'amba wathu. Kunjaku kuli milalang'amba ina yosawerengeka, ndiye pafupifupi yonse ikutithawa. Imene ili kutali kwambiri ndi imene ikuthawa kwambiri."

"Iii, tinailakwira chiyani?"

Jemima anaseka. "Palibe. Thambo lenilenilo likufutukuka. Amadziwira kuwala kwake. Mukudziwa minibasi ikamabwera ikuliza hutala, kulira kwake kumakhala kokwera, ikangokudutsani kumatsika? Kuwala nakonso. Chinthu chikamapita kutali, kuwala kwake kumapendekera kofiira."

Chipewa chinagwa. A Kamtedza anali atakhala tsonga.

"Ndani anaiona ikuthawa?"

Jemima anadzidzimuka, nyemba zina n'kutayikira pansi. "Palibe, ababa. Amaonera kufiirako."

"Ndiye chilichonse chofiira chikuthawa? Tomato wa kumsika uja akuthawa?"

Anadikira ngati msodzi amene waona chingwe chikugwedera. Jemima anayang'ana m'lichero.

"Zoona, ababa," anatero, n'kunyamuka kukateleka nyemba.

Mawa lake kushopu a Kamtedza anali ndi ntchito yopinda zitsulo zokongoletsa geti. Ankaziwotcha pamoto wamakala kuseri kwa shopu, n'kuzinyamula ndi mbaniro kupita nazo pa chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo, kutsogolo. Ulendo umenewu anali atauyenda zaka zambiri osauganizira. Tsiku limenelo anatulutsa chitsulo pamoto chili mbee, choyera ngati chikufuna kusungunuka. Pofika pakhomo chinali chachikasu. Pofika panjanji chinali chofiira.

Anaima, nyundo ili m'mwamba.

Anabwerera nacho kumoto, kuchiwotchanso, kuyendanso. Choyera, chachikasu, chofiira. Chitsulocho sichinkathawa munthu. Chinkangotaya mphamvu panjira.

"Alamu!" anakuwa. "Alamu, siyani zimenezo! Kwatopa!"

A Anock, mchimwene wa a Olipa, amene ankagwira nawo ntchito m'shopumo, anakweza chigoba chowotcherera pamphumi. "Watopa ndani m'mawa uno?"

"Kuwala! Kuwala kumatopa! Taonani chitsulochi. Kuchoka apo kufika apa chafiira kale. Nanga kuwala kochokera kuthambo, kuyenda zaka ndi zaka popanda pokhala pansi, popanda madzi akumwa, mukuti kufike kuno kuli koyera? Palibe chikuthawa kumwambaku, alamu. Anthu amasukulu aja anangoona munthu wotopa n'kumati akuthamanga!"

"Inu mwayamba liti kudya za kumwamba?" anatero a Anock. "Getili mwini wake akubwera Lachinayi."

Koma geti linali litaiwalika. Tsiku lonselo a Kamtedza anagwira aliyense wodutsa, wofuna ndi wosafuna. Mayi wogulitsa mandasi anamva. Mnyamata wa pagolosale ya tsidya la msewu anamva. Medson, dalaivala wa minibasi amene anabwera kudzawotcheretsa mpando wothyoka, anamva kawiri, chifukwa mpandowo unakhala m'manja mwa a Kamtedza mpaka nkhani itatha.

Madzulo pakudya anaiyala nkhani yonse pamaso pa mwana wawo, akujambula ndi chala patebulo: apa moto, apa njanji. Ndipo anaona chinthu chimene anali asanachione kwa zaka. Maso a Jemima anawala. Anasiya kudya, anatsegula pakamwa, anakoka mpweya. Kenako anayang'ana mayi ake, mayi ake n'kumuyang'ananso mwa njira imene amayi amayang'anira ana aakazi bambo akamalankhula.

"Ndi maganizo abwino, ababa," anatero.

Wina akanagwa mphwayi. A Kamtedza anatenthedwa kwambiri. Anali ataona khomo likutseguka pang'ono, ndipo anatsimikiza kuti akalikankha ndi umboni litseguka lonse. Mawu mwanayo atha kuwameza, koma chinthu chooneka ndi maso adzachita nacho bwanji? Adzayenera kulankhula basi. Tchuthi chinali chitatsala sabata imodzi, ndipo chaka chimenecho chinali chake chomaliza kukoleji. Akamaliza, ntchito idzamutenga, banja lidzamutenga, iwo n'kutsala ndi moni wa pafoni.

Nzeru inabwera Lachitatu. Pabwalo la shopu panali nsanja yachitsulo yoikapo thanki la madzi, yaitali kuposa madenga onse a m'deralo, imene mwini wake anali asanabwere kudzaitenga. Moto wowotcherera aliyense amaudziwa: ndi woyera mopita kubuluu, wobaya m'maso. Bwanji munthu atakwera pansanjapo n'kuuyatsa, ena n'kukauonera kutali? Ukaoneka wofiira, nkhani yatha. Anakumbukira chitunda china chakumapeto kwa Area 23, kumene anakaikako mafelemu a nyumba, pamene Biwi yonse imaonekera ngati ili m'mbale.

"Ndiye wokwera pamwambapo ndani?" anafunsa a Anock, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Alamu, munanditengera ng'ombe zingati pa mlongo wanuyu? Kwerani."

"Nkhuku imodzi yokha, yodwala chitopa."

Anakwerabe. Lachisanu lonse anathera kulumikiza mawaya kuti afike pamwamba. Anagwirizana kuti a Kamtedza akafika pachitunda adzaflasha foni ya a Anock, ikangolira kamodzi iwo ayatse.

Nkhani ya ku Biwi sigona m'nyumba. Pofika Loweruka madzulo, Medson anali atachotsa minibasi yake pamsewu wa m'tauni n'kuiimika pashopu, kondakitala wake akumenya chitseko: "Twente-firii, twente-firii! Kokaona kuwala kotopa! Mmodzi yekha tinyamuke!" Anakwera amuna osewera bawo pafupi ndi shopu, anakwera amayi a mandasi ndi beseni lawo, anakwera telala ndi tepi yake m'khosi. A Kamtedza anakhala kutsogolo atanyamula chigoba chawo chowotcherera, chimene sichinali ndi ntchito iliyonse kumeneko koma sakanachisiya. A Olipa anakhala kumbuyo akupukusa mutu. Jemima anakhala pambali pawo, manja pamiyendo.

Anafika pachitunda dzuwa likulowa, lalikulu, lofiira piriwiri moti munthu ankatha kuliyang'ana osatsinzina. Kumunsi mzinda unali utafunda utsi ndi fumbi: mbaula zikuyatsidwa nyumba iliyonse, zinyalala zikupsa, malole akutukula dothi m'misewu. Anthu a m'nyumba zapafupi anatuluka kudzafunsa ngati kuli msonkhano wachipani. Atauzidwa, sanabwerere. Anadikira mpaka chisisira chitagwa bwino.

A Kamtedza anatulutsa foni. Anadina, inalira kamodzi, anadula.

Palibe chinachitika.

"Wagwa mlamu wanuyo," anatero Medson.

Ndiye kutali uko, pakati pa madenga a Biwi, kanthu kanathwanima. Kanazima. Kanayakanso, n'kukhazikika, kakunjenjemera ngati nyenyezi yotsika. Sikanali koyera. Sikanali kabuluu. Kanali kachikasu kopsa, kopita kofiira, ngati khala la mbaula.

Pachitunda panaphulika. Amayi a mandasi anaimba nthungululu. Telala anaponya tepi m'mwamba. "Kwatopadi! Mdala, kwatopadi!" anakuwa Medson, akumenya denga la minibasi yake yomwe. Ndipo a Kamtedza, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, mkulu wa mpingo, anakweza chigoba chowotcherera kudzanja lamanzere ngati chishango n'kuyamba kuponda ngoma ya kwawo ku Ntcheu. Fumbi linakwera. Anaponda mpaka thukuta kuyenderera, anthu akuwomba m'manja, a Olipa atabisa nkhope m'chitenje koma mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Chimwemwe chotero anali asanachimve chibadwire Jemima.

Ataima, akupuma wefuwefu, anakweza dzanja.

"Tamverani! Lolemba mwanayu akubwerera ku Zomba. Ndikupita naye! Ndivala suti yanga ya ukwati, ndikaima pamaso pa maprofesa ake, ndikawauze kuti thambo silikuthawa, likungofuna kupuma!" Anthu anakuwanso. Iwo anatembenukira kwa mwana wawo, nkhope ili ngwee. "Jemima, iwe ndiye wasukulu. Auze anthuwa zimene waona."

Onse anamuyang'ana. A Olipa anamugunda ndi chigongono pang'ono, kumukumbutsa mawu amene ankawadziwa kale.

"Ayi, ababa."

Analankhula motsitsa, koma panali patangoti zii, ndiye anamva onse.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Kumeneku si kutopa. Ndi fumbi." Mawuwo atangoyamba sakanathanso kuwabweza. "Dzuwa lija lalowa lofiira, latopa? Bwanji mu Febuluwale, mvula ikatsuka kumwamba, masana ndi madzulo silisiyana chonchi? Moto wa amalumewo uli ndi mitundu yonse pamodzi, buluu, girini, chikasu, kufiira. Utsi ndi fumbi zili pakatipa zikuchita ngati sefa. Zikugwira buluu, zikulola kufiira kudutsa. Palibe mtundu umene wasanduka unzake. Wina wangotsala m'njira."

"Jemima!" anatero a Olipa.

"Musiyeni," anatero a Kamtedza, osawayang'ana. Maso awo anali pa mwanayo. "Zimenezo ndi zapakamwa. Ine ndaonetsa. Iwe uonetsa chiyani?"

"Ndibwerekeni foni."

Anaitenga m'manja mwawo asanavomere n'komwe. Ulendo uno sanaflashe, anaimba. "Amalume, ndine Jemima. Lata lapulasitiki lagirini lija lili kuseri kwa shopu lilipo? Likwezeni pamwambapo, mulimange ndi waya kutsogolo kwa moto, mbali yoyang'ana kuno. Inde, ndikudziwa kuti mwakalamba. Chonde, amalume." Anadula, n'kutembenukira kwa bambo ake. Tsopano sankayang'ananso pansi. "Kuchoka kumeneko kuwalako kuchoka kuli kwagirini kokha. Ngati msewu ndi umene ukukufiiritsa monga mukunenera, kufika kuno kutasintha. Ngati ndi sefa, kufika kofooka koma kwagirinibe."

"Ndavomera!" anatero a Kamtedza. Anavomera mokweza, chifukwa anali otsimikiza, komanso chifukwa magazi anali akuthamanga m'thupi monse. Mwana wawo ankawatsutsa! Pamaso pa anthu, dzanja lili m'chiuno, ngati mayi wa pamsika!

Kudikira kwake kunali kwautali. A Anock anayenera kutsika, kufunafuna lata, kukwera nalo. Pachitunda anthu anagawikana. A pabawo anali kumbali ya mdala, amayi a mandasi anasamukira kwa mtsikana mopanda manyazi. Telala ankati onse awiri akhoza kukhala olondola, ndipo palibe anamumvera. A Kamtedza ankayendayenda, akulankhula okha. Jemima anaima malo amodzi, akuluma chikhadabo.

Foni inalira kamodzi, a Anock akuflasha. Onse anatembenukira ku Biwi.

Kanthu kaja kanayakanso, kofooka, kovuta kukapeza. Koma aliyense amene anakapeza anaona chimodzimodzi. Kanali kagirini ngati loboti ya m'tauni ikamalola magalimoto.

Ulendo uno nthungululu inali ya amayi okha, ndipo inafupika, chifukwa anaona nkhope ya a Kamtedza. Medson, amene pakamwa pake panalibe mabuleki ngati minibasi yake, anayesa kuseketsa. "Mdala, sutiyo isungeni, mudzavale pa ukwati wa mwanayu." Ena anaseka. A Kamtedza sanaseke. Anayang'anitsitsa kadontho kagirini kaja mpaka kanazima, ndipo manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Biwi yonse anali ataiitana okha kuti idzaone akugwetsedwa ndi mwana wobala okha.

"Kwerani, tizipita," anatero Medson.

"Pitani. Ine ndiyenda."

Anatsika chitundacho osatsanzika munthu, chigoba chili m'khwapa. A Olipa anamukoka Jemima pambali. "Waona zimene wachita? Tsatira bambo ako. Ukagwade, ukapepese. Ine ndikakonze kunyumba." Minibasi inanyamuka, mulibe woimba.

Msewu wochoka ku Area 23 kupita ku Kawale unali udakali ndi anthu. Ogulitsa tomato ndi usipa anali atayatsa makoloboyi pamabenchi awo, a kabaza akuliza mabelu. A Kamtedza ankayenda patsogolo. Kumbuyo ankamva mapazi a mwana wawo, osayandikira, osatsalira. Anayenda choncho mtunda ndithu.

"Ababa, pepani."

Sanatembenuke.

"Ababa, maganizo anu aja si opusa. Kale, azungu atangoona kufiirako, katswiri wina wamkulu anaganiza ndendende ngati inu. Mpaka dzina lake ndi lomwelo, kuwala kotopa. Lili m'mabuku athu. Anthu anakangana nazo zaka zambiri."

Apa ndiye anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Lili m'mabuku?"

"Inde."

"Ndiye tsiku lija patebulo, unkadziwa?"

Jemima anagwedeza mutu kuvomera.

"Unkadziwa kuti munthu wina anaganizapo zimenezi, unkadziwanso pamene zinagwera, n'kundiuza kuti ndi maganizo abwino? Ngati mmene umamuuzira mwana amene wajambula galimoto yamiyendo?" Mawu awo, amene ankamveka tsidya la msewu, anali atatsika mpaka Jemima anachita kusendera kuti amve. "Ndinakweza mlamu wanga pansanja. Ndinadzaza minibasi."

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

"Manyazi a pachitunda aja atha mawa. A Biwi adzaseka, Lachiwiri apeza china choseka. Koma zaka zonsezi, mwana wanga, umabwera m'nyumba mwanga n'kumandivomera chilichonse. Ukuganiza kuti sindinkamva? Ndinkati sukulu yakuonetsa kuti bambo ako ndi mbuli yosayenera n'kuyankhidwa komwe."

Jemima analira pamenepo, pamsewu, a kabaza akumuzungulira. "Si choncho, ababa. Ndili Fomu Wanu ndinakutsutsani pa nkhani ya mphezi, alendo alipo. Azakhali anandiitanira kuchipinda. Anati mwana wamkazi akaphunzira n'kumayankha bambo ake, anthu amati sukulu yamuwononga, ndipo amene amanyozeka ndi bamboyo. Ndinkati ndikukusungirani ulemu."

Mphezi ija a Kamtedza anaikumbukira. Anakumbukiranso kuti tsiku limenelo anagona osangalala, osadziwa zimene zinkanenedwa kuchipinda.

"Azakhali akowo," anatero potsiriza, "anakwatiwa katatu, ndipo amuna onsewo anathawa chifukwa chosowa wocheza naye." Anasamutsa chigoba kuchiika kukhwapa linalo. "Bwera uyende apa. Ukuyenda kumbuyo ngati ndakugula? Tsopano undiuze. Katswiri mnzanga uja anamugwetsa ndi chiyani? Lata lagirini?"

Jemima anaseka misozi ili m'masaya, n'kupukuta ndi dzanja. Anabwera pambali pawo.

"Ayi. Lata lija langoonetsa kuti za lerozi ndi fumbi. Za kumwamba ndi zina. Kumwamba kuja mitundu imasunthadi, yonse pamodzi, si sefa ayi. Ndiye funso ndi lakuti ikusuntha chifukwa chotopa kapena chifukwa thambo likutamuka. Mukudziwa kaseti ikakhalitsa padzuwa m'minibasi, tepi n'kutamuka?"

"Woimba amalira ngati ng'ombe."

"Eya, mawu amatsika. Koma palinso china. Nyimboyo imachedwa kutha. Ndiye kumwambaku kuli nyenyezi zina zimene zimaphulika, zimawala kwambiri kenako n'kuzilala, ndipo nthawi imene zimatenga kuti zizilale imadziwika. Akaona zakutali kwambiri, amapeza kuti ndi zofiira, komanso zikuchedwa kuzilala, molingana ndendende ndi kufiirako. Kuwala kukanakhala kongotopa, mawu akanatsika koma nyimbo ikanatha nthawi yake. Kuchedwako ndiye kukusonyeza kuti tepi yatamuka."

A Kamtedza anayenda mapazi angapo akutafuna nkhaniyo. Kenako anamenya chigoba ndi chikhatho, phaa, mpaka mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anadzidzimuka.

"Mabatire!"

"Chiyani?"

"Wailesi ya kaseti mabatire akatha! Mawu amatsika, nyimbonso imachedwa kutha. Tepi ili bwinobwino, yosatamuka. Mabatire atani? Atopa! Wadzigwetsa wekha ndi chitsanzo chako chomwe!"

"Iyayi, ababa, dikirani! Mabatire ali mu wailesi, kumene nyimbo ikuchokera. Inu munati kuwala kumatopa panjira. Musasinthe nkhani!"

"Ndasintha, ndi yanga! Mwina nyenyezi zakalezo zinali ndi mabatire ofooka."

"Ndiye bwanji zofooka zonse zikhale kutali, zamphamvu zonse pafupi ndi ife? Anazisanja ndani?"

"Iwe ndiye undiuze, ndinakulipirira sukulu!"

"Kutali n'kale, ababa, ndi chinthu chimodzi! Tamverani kaye ndimalize!"

"Malizatu, ndani wakugwira pakamwa?"

Anali atalowa mu Kawale tsopano. Anthu okhala m'makonde ankatembenuka kuona bambo ndi mwana wake wamkazi akubwera pakati pa msewu, manja onse anayi ali m'mwamba, mawu a mtsikanayo akukwera kuposa a mdalayo. Wina akanati pali ndewu. Jemima anali atatola kamtengo, akujambula mizere mumpweya, ataiwala za azakhali, za ulemu, za msewu umene ankayendamo.

Geti la nyumba yawo a Kamtedza analiona likubwera kudzanja lamanja. Sakanalisokoneza ndi lina, analiwotcherera okha. M'katimo nyale inali ikuyaka, ndipo ankadziwa zimene zinkawadikira: madzi osamba m'manja, mkeka woti mwana agwadepo, mawu opepesa amene a Olipa anali atawakonza kale. Anayang'ana Jemima. Iye sanaone kanthu, anali pakati pofotokoza za nyenyezi yophulika.

Anafulumiza mapazi pang'ono, n'kulidutsa getilo.

"Bwerezanso pa kuchedwa paja," anatero. "Sindinakhutire."